Nasakhwi ndi Chikho cha Uchi wa Chipatala

Anzanga inu, ndiyambira kumapeto, chifukwa ndikati ndisunge mpaka nthano ithe, ndiphulika: mwana anabadwa! Wamoyo, kamphuno kakuda bii, timiyendo tonjenjemera, ndipo anabadwira m'chikuta cha kuchipatala, chomwe akuluakulu anati achisandutse nkhokwe ya miyala. Tsono khalani pansi mumve mmene zinayendera. Ine ndikati padangokhala, inu muziti tili tonse, ndipo wina asandidule pakamwa.

Padangokhalatu, kalekale nyama zisanaleke kulankhula, zinamanga chipatala chawo. Mkulu wake anali a Njati, bambo ofatsa ndithu, koma osachedwa kutopa ndi mikangano. Pansi pawo panali madokotala awiri ndi azamba. A Nungu anali a mano ndi nyanga: ankazula, kunola ndi kupukuta, singano zawo zili kumsana. A Nyani anali olunga mafupa. Azamba anali a Nambira, mayi wamfupi wosalankhulalankhula, ndipo kanyumba kawo kochiriramo amayi, chikuta, kanali kumapeto kwenikweni.

Ndiye panali Nasakhwi. Ameneyutu ndiye wanga! Anali wosesa chabe. Kathupi ngati mbewa, kamphuno kakatali kosakhazikika, liwiro ngati wina wamuyatsa moto kumchira. Madzulo alionse ankasesa njira yolowera kuchipatala mpaka kusalala see, m'mawa mwake n'kulawira kukaona mapazi. Motero ankadziwa amene wabwera, amene wangodutsa, ndi amene wafika pakati pa njira, waima, n'kubwerera. Posesapo anali ndi kanyimbo kake kapansipansi. Kankafunsa njira ngati munthu, kuti lero yabweretsa yani ndipo yabweza yani, ndipo wovomera anali tsache.

Mwa mapazi obwererawo, ena ankamuswa mtima. Anali a chinjira chake, mnzake wapamtima, Nagwape. Nagwape anali woyembekezera kachitatu. Ana awiri oyamba anabadwira kuthengo, ndipo palibe mmodzi yemwe amene anaimirira. Tsopano tiziboda take tinkafika pakati pa njira, pamene njirayo inkadutsa pakhomo pa a Nungu, n'kutembenuka. Nanga n'kumunena? Pabenchi pamenepo pankakhala a Fisi ndi a Kambuku, kukamwa yasa, kudikira kunoletsa mano!

Chipatalacho chinali ndi wolengeza wake, a Nang'omba, a mawu omveka midzi isanu ndi iwiri. Koma pakhosi pawo pankafuna uchi. Chipande chimodzi cha uchi, m'mawa umodzi wofuula, basi. Ndipo Njuchi zinkapereka chikho chimodzi pachaka, cha zipande zitatu zokha.

Chikho chitafika, a Njati anaitanitsa msonkhano. Nasakhwi anali chapatali, akusesa pamene anasesa kale, makutu tcheru.

"Tisanagawe uchi, ndinene za chikuta," anatero a Njati. "Azamba, miyezi isanu simunasambitse khanda. Mwezi uno ukatha mulibe mwana wolira m'menemo, a Nungu aikamo miyala yawo yonolera, inu mubwerere kwanu."

Nasakhwi tsache linamugwa m'manja. Mwezi womwewo ndiwo Nagwape ankayembekezera kuchira.

"Chipande choyamba ndi changa," anatero a Nungu. "Chipatala chimatchuka ndi odwala olemekezeka. A Njovu akadzapukutitsa minyanga yawo pano, dziko lonse litiopa."

"Kodi a Njovuwo akudwala?" anafunsa a Nyani.

"Achimwene, munthu wamkulu sadikira kudwala."

A Njati anayasamula. "Tengani, bola mukhale chete."

M'mawa mwake a Nang'omba ananyambita chipande, kukhosi kunatseguka, ndipo anafuula za minyanga yowala ndi mano akuthwa mpaka dzuwa kukwera. A Njovu anabweradi. Anatsamira nsanamira ya pakhonde, nsanamira khotyo! M'mbuyo mwawo munali a Ng'ona ndi ana awo aamuna asanu ndi mmodzi, onse kudzanoletsa.

Nasakhwi anasesa madzulo, akuimba kanyimbo kake kofunsa njira. Kutacha anapeza mapazi akuluakulu okhaokha. Ang'onoang'ono sanafike ndi pakati pomwe.

Anathamangira kwa a Njati n'kugwada. "Bwana, njira ikuti tawaopseza."

"Njira yayamba liti kulankhula? Iwe ntchito yako n'kusesa."

Pa chipande chachiwiri a Nyani anaimirira. "Taonani pakhomo panga, bwana. Mzere mpaka kuseri! Kumene kuli anthu ndiko mawu ayenera kupita. Kodi munthu amathira madzi pamunda wosamera?"

A Nang'omba ananyambitanso, nafuula za miyendo yothyoka ndi misana yobinya. Anafuula mwaluso ndithu, mpaka a Nyani misozi ya chimwemwe. Nasakhwi anasesa, anaimba, kutacha anaona mapazi. Otsimphina anali omwe aja a masiku onse, osachuluka, osachepa. Anapita pamzere, napeza a Mbawala atakhala pansi, mwendo uli lende.

"Pepanitu amayi. Kodi mwabwera chifukwa mwamva a Nang'omba?"

"Iwe mwana, mwendo wothyoka umadikira Nang'omba? Ndinayamba kukwawa dzulo dzuwa lili paliwombo. Mmene amafuula ine ndili kale pakhomo pano, angondigonthetsa m'kutu."

Nasakhwi anathamangiranso kwa a Njati. "Bwana, njira ikuti taitana anthu amene anafika kale."

"Iwe ndi njira yakoyo! Choka, mutu ukundiwawa."

Chinatsala chipande chimodzi, ndipo madokotala onse awiri ankachifuna. Apa ndipo kamphuno ka Nasakhwi kanayamba kugwedera, ndipo kakagwedera chotero, dziwani kuti wina alira.

Anapita ndi tsache lake pakhomo pa a Nungu, akusesa, akudziyankhulira yekha. "Koma abale, anthu amanyoza. Ine sindinganene."

"Usanene chiyani?" anafunsa a Nungu.

"Ayi bambo, za kukhomo kwinaku. Akuti mawa tidziwa dokotala weniweni. Amene apemphe chipande chotsiriza ndiye kuti khomo lake n'lozizira, sangaone wodwala popanda kumuitanira."

Minga ya a Nungu inaima njo. "Atero ndani? Nyani? Wophunzira udokotala pogwa m'mitengo uja?"

"Ine sindinatchule munthu, bambo."

Kenaka tsache paphewa, ulendo kwa a Nyani. Mawu omwewo, nkhope yomweyo ya chisoni. A Nyani anamenya pachifuwa. "Ine kupempha? Ine? Auzeni aminga awo kuti odwala anga amabwera ngakhale mvula ikugwa!"

Kumsonkhano kwa m'mawa mwake a Njati anadabwa.

"Chipande chotsiriza, ndani?"

"Apatseni a Nyani," anatero a Nungu, akuyang'ana kumwamba. "Ndiwo akuvutika."

"Ine ayi, bwana. Apatseni achimwenewa, mwina a Njovu angabwerenso kudzamaliza khonde."

"Ndati sindikufuna!"

"Nanenso ndati sindikufuna!"

A Njati anagwira mutu. "Azamba, tengani inu. Tiyeni tibalalike."

Eee, chimwemwe cha Nasakhwi! Anavina ndi tsache, anadumpha chitsa kawiri, n'kuthamangira kwa a Nang'omba. "Bambo, mawa mufuule ngati simudzafuulanso. Makamaka kuchitsime kwa a Gwape. Pali wina kumeneko ayenera kumva."

Anzanga, apa ndipo wochenjera anadziponda yekha. Inu mukudziwa bwino lomwe: za pakati sizifuulidwa. Mimba ngakhale ifike pachibwano, anthu amangoyang'ana kumbali, osatchula. Za m'chikuta zimanenedwa chonong'ona, amayi okhaokha, bambo akatulukira nkhani n'kusanduka ya ndiwo. Nasakhwi ankadziwa zonsezi, koma chimwemwe chinamutseka m'maso.

A Nang'omba ananyambita chipande mpaka mbee. Anakaima pachitsime nthawi imene pamadzaza, amayi akutunga, abambo akudutsa kupita kumunda, ndipo anatulutsa mawu onse a m'mimba mwawo. Anaitana onse a mimba zazikulu, a miyezi isanu, a miyezi isanu ndi itatu, kuti abwere akachirire kwa a Nambira. Ndipo pofuna kukondweretsa Nasakhwi anawonjeza kuti, "Nanunso a Nagwape apo, tikukuonani, masiku atha amenewo!"

Amayi anaphimba kumaso. Apongozi aamuna a Nagwape, amene ankadutsa ndi khasu paphewa, anatembenuka ngati aona njoka. Nagwape anasiya mtsuko pomwepo.

Nasakhwi anamupeza panjira akulira.

"Chinjira, taima!"

"Usanditchule choncho. Chinjira chanji chondiyanika padzuwa pamaso pa apongozi?"

"Ndimafuna ubwere, amwali. Awiri aja..."

"Awiri aja ndinawalira ndekha, popanda wondiloza chala. Uyunso ndikamuona ndekha."

Analowa m'thengo, ndipo palibe amene anadziwa kumene anakabisala.

Madzulo amenewo Nasakhwi anasesa, koma sanaimbe. Kutacha, njira ya kuchikuta inali monga anaisiyira. Popanda phazi ndi limodzi lomwe, ngakhale la wobwerera.

Anapeza a Nambira akumanga katundu.

"Amayi, ndalakwa ndine."

"Walakwadi," anatero a Nambira, osakweza mawu. "Koma unalakwa ukuthamangira kwabwino. Gwira uku, timange mphasayi."

"Nanga kale amayi ankabwera bwanji?"

"Ine chiyambire sindinaitanepo munthu mofuula. Wochira bwino ankakanong'oneza mnzake pamtondo, mnzakeyo n'kuuza wina kunkhuni. Zinatha pamene anaika benchi ya a Kambuku panjira. Oyamba ataleka kubwera, wonong'oneza anasowa."

Nasakhwi anasiya mphasa. Kamphuno kaja kanayamba kugwedera, kumanja, kumanzere.

"Amayi, musamange lero. Ndipatseni masiku atatu."

"Uchi watha, mwanawe."

"Watha wa a Nang'omba."

Anapeza a Njati ali ndi madokotala awo, chikho chili pansi chopanda kanthu. Anagwada.

"Bwana, ndipatseni chikhocho ndikatsuke, chingaitane nyerere."

A Nungu anaseka. "Taonani kamwanaka! Kakufuna kukanyambita."

"Mwandigwira, bambo," anatero Nasakhwi, nkhope pansi. "Wosauka amadya ndi lilime."

Onse anaseka, ndipo a Njati anakankhira chikho kwa iye ndi chiboda.

"Chinanso, bwana. Zinyalala za kuchikuta, poti azamba akusamuka, n'zambiri. Ndikadutsa nazo pakhomo pa a Nungu, fumbi lilowa m'kamwa mwa a Kambuku. Koma palibe kanthu, ndidutsa pomwepo, a Kambuku ndi munthu wopirira."

"Usayerekeze!" anakuwa a Nungu. "Ukudziwa mmene amachitira akatsokomola? Bwana, muuzeni alambule njira yake kuseri, kutali ndi khomo langa."

"Wamva," anatero a Njati. "Kalambule."

Abale, mtsikana ameneyu! Tsiku lonse analambula kanjira kakuseri, kochokera kumene amayi amatola nkhuni, kolunjika pakhomo pa chikuta, kosadutsa pakhomo pa munthu aliyense. Anakasesa see. Atatha anathira madzi m'chikho muja, n'kukhutchumula, n'kukhutchumulanso, mpaka uchi wonse womatirira m'mbali unasungunuka. Analawa. Tseketseke!

Anasenza chikho kupita pamtondo, pamene Njiwa zimasonkhana kutola misere amayi akamasinja. Mtsogoleri wawo anali a Nanjiwa.

"Odi amayi. Ndabwera ndi ganyu."

"Ganyu wanji wobwera m'chikho?"

"Woimba. Kodi inu kuti muimbe m'mawa umodzi mumafuna zipande zingati?"

A Nanjiwa anaseka mpaka nthenga kugwedezeka. "Zipande? Ukutiyesa a Nang'omba? Ife kukhosi n'kwa kambalame. Dontho limodzi, tiimba mpaka dzuwa kulowa."

Njiwa zinamwa dontho dontho, zonse makumi anayi, ndipo madzi anatsalabe. Pamenepo Nasakhwi anaziphunzitsa nyimbo. Maimbidwe anali omwe aja a kanyimbo kake kosesera, koma mawu anali atsopano. Sinkatchula mimba, sinkatchula dzina la munthu. Inkangonena za kanjira kosesedwa bwino koyambira kunkhuni, kumene kulibe benchi, kulibe maso, ndipo kumapeto kwake kuli mayi wa manja ofunda amene amatseka chitseko ndi pakamwa pomwe. Inali yapansipansi, yoyenda ndi kugunda kwa musi, yoti mayi akhoza kuiimba akusinja mwamuna wake ali pakhonde, osamva kanthu.

"Malamulo ndi awa," anatero Nasakhwi. "Muziimba pamtondo, kuchitsime ndi kunkhuni. Bambo akatulukira, mawu mumeze, muzingolira monga mwa masiku onse. Ndipo wina akatchula dzina la munthu, ndimuzula nthenga za kumchira ndekha."

"Ndi timanja timeneto?"

"Ndikabwereka singano kwa a Nungu."

Njiwa zinauluka, phaphapha, mbali zonse.

Tsiku loyamba Nasakhwi analawira kukanjira kake. Panali mapazi a munthu mmodzi, a Nanguluwe. Anafika pakhomo, anacheza ndi azamba, amene anawagwira pamimba, n'kubwerera kwawo akumwetulira, poti masiku awo anali akadali kutali. A Nagwape panalibe.

Tsiku lachiwiri panali a anthu anayi. Pobwerera anadutsa pamtondo, ndipo Nasakhwi anamva ndi makutu ake amayi akuimba nyimbo ija okha, popanda njiwa, wina akutsogolera, ena akuvomera. Koma a Nagwape panalibe. Mwezi unali utatsala kachidutswa ngati chikhadabo, ndipo a Nungu anali atayamba kale kuunjika miyala yawo pafupi ndi chikuta.

"Mundikhululukire, azamba," ankatero, "ndikungoiyandikitsa."

Madzulo amenewo Nasakhwi anapita kwa a Nanjiwa ndi madontho otsiriza. "Amayi, mawa musiye pamtondo, amayi aigwira okha. Lowani m'thengo. Paliponse pali chitsamba chowirira, muimbe pamenepo."

"Kuimbira zitsamba?"

"Zitsamba zina zili ndi makutu."

Tsiku lachitatu kutangocha, Nasakhwi anafika pakanjira, n'kuima chilili. Tiziboda tiwiritiwiri, tating'ono, todziwika! Tinayenda pang'ono, tinaima. Pamenepo panali pogwada. Tinayendanso, tinaimanso. Nasakhwi anatitsatira, akuyembekeza kuona potembenukira. Panalibe potembenukira. Tinalowa m'chikuta!

Chitseko chinali chotseka. Anagogoda.

"Ndani?" anafunsa a Nambira.

"Ndine, amayi. Ndilowe?"

"Unabereka liti iwe? Muno salowa ana. Katenthe madzi."

M'katimo munamveka mawu ofooka a Nagwape. "Ndi wamphuno uja?"

"Ndine, chinjira."

"Nyimbo yako yoipa ija mpaka waphunzitsa njiwa? Ndinabisala kutali, koma ndinangomva maimbidwe n'kudziwa kuti ndi iwe. Palibe wina amaimba mokhota choncho."

"Unditukwane bwino ukachira, amwali."

"Ndikutukwanadi. Mayo ine!"

"Madzi!" anakuwa a Nambira, ndipo aka kanali koyamba Nasakhwi kuwamva akukweza mawu.

Anatentha madzi, anapereka pakhomo, n'kutsala panja. Anatenga tsache, nayamba kusesa malo amodzimodzi. Dzuwa linakwera. A Nungu anabwera ndi mwala wina, anamva kubuula, anauika pansi mwakachetechete n'kubwerera chonyang'ama. Dzuwa linafika paliwombo. Pamene Nasakhwi ankasesapo panakumbika dzenje. Mwanayo, anzanga, anabwera mwendo umodzi utapindikira m'mbuyo, monga anachitira abale ake awiri aja kuthengo. Koma kuno kunali manja a a Nambira. Anaubweza pang'onopang'ono, anauwongola, akumulankhula mayiyo chonong'ona.

Kenaka kunangoti zii.

Ndiye nthungululu! Abale inu, a Nambira, mayi wosalankhula uja, analuluta mpaka a Kambuku kudzidzimuka pabenchi n'kudziluma lilime. Chitseko chinatseguka pang'ono, ndipo a Nambira anasuzumira, thukuta lili kamukamu.

"Wamkazi. Wagwa kawiri, kachitatu waimirira. Akuyamwa."

Nasakhwi anakhala pansi m'dzenje lake lomwe lija n'kulira ngati wamenyedwa.

A Njati anabwera akuthamanga, madokotala ali pambuyo. "Chachitika n'chiyani? Wabwera bwanji? Uchi unatha!"

"Ndi madzi otsukira chikho, bwana," anatero Nasakhwi, akupukuta m'maso.

Anawafotokozera zonse, za njiwa, za kanjira, ngakhale za bodza lake lija la khomo lozizira. A Nungu ndi a Nyani anayang'anana.

"Ndiye kuti simunanene kuti khomo langa n'lozizira?" anafunsa a Nungu.

"Sindinanene, achimwene. Ndinangoganiza."

A Njati sanaseke. Anati, "Iwe, tiye ukandionetse njira yako yolankhulayo." Ndipo bambo wamkulu uja anawerama, mphuno pafupi ndi dothi, wosesa akumulozera. Apa a Mbawala, obwera okha. Apa a Njovu, obwera kamodzi. Apa, pakhomo pa a Nungu, timapazi tambirimbiri tobwerera.

"Awa ndi ayani?"

"Ana a a Gologolo ndi a a Mbewa, bwana. Mano akuwawawa, masaya otupa. Amafika apa, amaona a Kambuku, dzino limapola lokha."

A Nungu anaweramanso. Minga yawo inagona. "Onsewa? Amabwerera pakhomo panga?"

"Tsiku lililonse, bambo. Mutawapatsa tsiku lawolawo, lopanda a zikhadabo, ndiye a Nang'omba alifuule tsikulo. Zimenezo n'zofuula, dzino si chinsinsi."

"Nanga ine?" anafunsa a Nyani.

"Inu bambo, odwala anu amaitanidwa ndi mwendo. Muwakonzere pokhala, mzere uja amakhala padzuwa."

A Nyani anacheukira mzere wawo uja.

A Njati anaweramuka. "Chaka chamawa chikho chikafika, palibe wokhudza chipande tisanamve kwa mtsikanayu amene akubwerera panjira ndi chimene chikuwabweza. A Nungu, chotsani miyala yanu. Azamba, masulani mphasa."

A Nang'omba nawo, manyazi atawagwira, anapita okha kwa apongozi a Nagwape, anagwada, napepesa ndi mawu aang'ono kwambiri moti nkhalambayo inachita kufunsa kawiri kuti akuti chiyani.

Masiku asanu ndi awiri Nasakhwi ankangotenthera madzi panja, mwana osamuona. Ankamva kulira kokha, n'kumafunsa pachitseko ngati wafanana ndi mayi ake. Tsiku lachisanu ndi chiwiri a Nambira anatuluka akumwetulira.

"Mchombo wagwa. Mawa timumeta, atuluke. Chinjira chako chikukufuna pakhomo."

Nasakhwi anaika khutu pachitseko.

"Iwe wamphuno," anatero Nagwape, "dzina umutche ndiwe. Uganize labwino, osati lokhota ngati nyimbo zako."

"Ine, amwali? Zoona?"

"Ndipo tamva. Nkhani ija unaifuulitsa isanakwane nthawi yake. Iyi ndakulola. Pita, kaifuule."

Tsache analiponya uko! Anadutsa pakhomo pa a Nungu ngati mphepo, anadumpha mchira wa a Kambuku osauona n'komwe, anafika pamtondo wefuwefu, amayi n'kuimika misi.

"Anzanga! A Nanguluwe, a Nanjiwa, nonsenu, siyani kaye! Mawa mwana wa chinjira changa atuluka m'chikuta. Akuti ali ndi timakutu ngati masamba a chitedze, ndipo akuyenda kale, akuyenda yekha! Mubwere m'mawa dzuwa lisanatenthe, muuzenso a kuchitsime. Mulowere njira iliyonse imene mufuna, zonse ziwiri ndasesa. Bwerani mawa, bwerani mudzaone!"